Madiresi a m'zithunzi zakale za ku Ulaya: anali a mkazi kapena a kuchimuna?

Nabanda: Abale, taonani chithunzi ichi. Ndi cha Eleonora di Toledo, mkazi wa Cosimo de' Medici, wolamulira Florence ku Italy, ndipo anachijambula ndi penti ndi Bronzino cha m'ma 1545. Diso langa lakana kuchoka pa diresiyo. Nkhope ndaiona mochedwa, kamwana kali pambalipo ndiye ndakaona pomaliza penipeni. A Telala muli pafupi? Nsalu yotereyi mungaidule bwanji?

Telala wa pa Khonde: Ndilipo mayi. Sindingaidule, dzanja lingachite kunjenjemera. Koma takulitsani chithunzicho pamkono. Mkonowo sunasokereredwe ku diresi ngati mmene timachitira ife. Aulumikiza ndi timabatani tagolide ndi zingwe, ndipo m'mipatamo akokeramo nsalu yoyera ya malaya amkati kuti izitutumuka. Nthawi imeneyo diresi inali zidutswazidutswa: chapachifuwa pachokha, siketi payokha, mikono payokha, zonse n'kumamangiriridwa ndi zingwe kapena mapini. Munthu sakanavala yekha. Ukangoona chovala chotere dziwa kuti kuseri kuli atsikana antchito amene amuveka, ngakhale sakuoneka pa chithunzipo.

Kamnyamata Kovuta: Ndiye kuchapa kwake zinkatha bwanji? Sopo angati?

Telala wa pa Khonde: Sichinkachapidwa chimenecho mphwanga. Ulusi wagolide ndi veleveti sizigwirizana ndi madzi. Chochapidwa chinali malaya oyera amkati aja, ndi amene ankamwa thukuta. Chapamwambacho ankangochisasa ndi kuchiyanika pamphepo.

Aphunzitsi Opuma: Ndilowepo pang'ono. Maluwa akuluakulu agolide ali pa nsaluwo ndi a makangaza, chipatso cha njere zambiri, ndipo kwa anthu a nthawiyo ankatanthauza kubereka. Eleonora anakwatiwa mu 1539, ali mwana wa Pedro de Toledo, yemwe ankalamulira Naples m'malo mwa mfumu ya Spain. Anabereka ana 11. Kamwana kali pambalipo anthu ambiri amati ndi Giovanni, wobadwa mu 1543. Tsono chithunzichi chikuuza mabanja ena a ku Italy zinthu ziwiri: banja la Medici lili ndi ndalama, ndipo lili ndi ana aamuna olowa m'malo. Kaukonde kagolide kokhala ndi ngale kali pamapewa ndi kumutuko ndi kavalidwe ka kwawo ku Spain. Nsaluyo ndi yamtundu umene amisiri a silika a ku Florence ankatchuka nawo. Mwamuna wa Eleonora ankafuna malonda amenewa ayende.

Nabanda: Ndiye kuti mayiwa anawasandutsa chikwangwani chotsatsira malonda?

Aphunzitsi Opuma: Mwanena ndinu, koma simunapite patali.

Chisomo ku Leeds: Dikirani ndikuuzeni chimene chinandidabwitsa ine. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti Eleonora anaikidwa m'manda atavala diresi yomweyi. Anamwalira mu 1562 ku Pisa ali ndi zaka 40, patangopita milungu yochepa ana ake awiri, Giovanni yemweyu ndi Garzia, atamwalira ndi malungo. Manda a banja la Medici anatsegulidwa mu 1857, ndipo mphekesera ija inafala. Akatswiri atatenga zovala za m'bokosimo n'kuyamba kuzikonza m'zaka za m'ma 1980, anapeza kuti si imeneyi ayi. Anamuveka diresi ina ya satini, mkati mwake muli chapachifuwa cha veleveti yofiira, ndi masokosi ofiira a silika. Zotsalira zake zili ku Palazzo Pitti, nyumba yachifumu ya ku Florence. Komanso akatswiri ena amaganiza kuti diresi ya pa chithunziyi mwina sinasokedwe n'komwe, Bronzino anangopatsidwa nsalu n'kuiveka mayiyo ndi burashi.

Telala wa pa Khonde: Zimenezo ndiye ndingavomereze. Taonani duwa lalikulu lili pachifuwalo, lakhala pakatikati, lathyathyathya, lopanda khwinya ngakhale limodzi. Munthu wamoyo amapuma, nsalu imasuntha. Apa nsaluyo ikuchita kuoneka ngati yayalidwa pathebulo podikira sizasi.

Kamnyamata Kovuta: Haha ndiye zosefa zithunzi sizinayambe ndi Instagram eti.

Mai a Mapasa: Ine funso langa ndi lina. Tiyerekeze kuti diresiyo inalipodi. Inali ya ndani? Banja likatha ankanyamuka nayo?

Aphunzitsi Opuma: Mai a Mapasa mwakhudza pachilonda. Ku Florence mwambo unali wakuti akuchikazi ndiwo amapereka chuma kwa mwamuna pokwatitsa mwana wawo. Mwamunayo ndiye ankagula zovala ndi zokongoletsera zoveka mkwatibwi, koma mwalamulo zinthuzo zinkakhalabe zake mwamunayo. Pali nkhani ya mu 1447 imene timaidziwa bwino chifukwa makalata ake anasungidwa. Mayi wina wamasiye, Alessandra Strozzi, anakwatitsa mwana wake Caterina kwa wamalonda a silika dzina lake Marco Parenti. Chuma chimene akuchikazi analonjeza chinali mafulorini 1,000, ndalama zagolide za ku Florence. Polembera mwana wake wamwamuna, mayiyo ananyadira kuti Caterina akamatuluka m'nyumba azikhala atanyamula mafulorini oposa 400 pathupi. Marco ankalemba chilichonse m'buku lake la ndalama, ndipo buku lomwelo likusonyeza kuti patapita zaka anayamba kumasula ngale ndi miyala ija n'kugulitsa. Kwa iye diresi inali ndalama zosungidwa, zongoti kwa kanthawi zinkayenda mumsewu ndi miyendo ya mkazi wake.

Mai a Mapasa: Ndinadziwa ine. Amuna ndi chimodzimodzi konsekonse.

Kamnyamata Kovuta: Aaa mayi, ife talakwanji? Ine ngakhale mpango sindinalandepo wa munthu.

Aphunzitsi Opuma: Chitsanzo china choonekeratu ndi chithunzi cha Giovanna degli Albizzi, mkazi wa Lorenzo Tornabuoni, chojambulidwa ndi Ghirlandaio, chimene chili ku Madrid. Anamwalira mu 1488 ali woyembekezera, asanakwanitse zaka 20, ndipo chithunzicho chinajambulidwa iye atapita kale. Paphewa la chovala chake pali chilembo L, cha dzina la mwamuna wake, ndipo nsaluyo yadzaza zizindikiro za banja la kuchimuna. Ndiye munthu amwalire, mumujambule, koma dzina lolembedwa pathupi pake likhale lanu.

Nangozo: Pepani aphunzitsi, ulemu wanu ndikuusunga, koma ndikukana pang'ono. Mmene mukufotokozeramu zikukhala ngati azimayi onsewa anali zidole zongovekedwa. Eleonora yemweyu ankayendetsa boma mwamuna wake akachoka kapena akadwala, ankachita malonda a tirigu, ndipo Palazzo Pitti imene a Chisomo atchulayo anagula ndi iyeyo mu 1549 ndi ndalama zake. Munthu wotere mukuganiza kuti sankadziwa chimene diresi ikunena? Kavalidwe ka ku Spain sanakasiye ngakhale anthu a ku Florence ankamuona ngati mlendo wodzikuza. Kumeneko ndi kusankha. Inde zosankhazo zinali zochepa, koma ankasankha.

Aphunzitsi Opuma: Zonse mwatchulazo ndi zoona mwanawe. Koma Eleonora anali mwana wa munthu wamphamvu kwambiri. Caterina Strozzi analibe mphamvu zoterozo.

Nangozo: Ndiye tisawaike m'dengu limodzi. Tengani Elizabeth woyamba wa ku England. Kunalibe mwamuna womugulira chovala. Pa chithunzi chokumbukira kugonja kwa zombo za Spain mu 1588, wavala mikanda ya ngale mizeremizere mpaka m'chiuno, dzanja lake lili pa mpira wa mapu a dziko, kuseri kwake zombo za adani zikusweka m'mafunde. Ngale zinkaimira unamwali, ndipo iye anatenga kusakwatiwa kwake n'kukusandutsa chida cha ndale. Pa china, chimene anajambula Marcus Gheeraerts cha m'ma 1592, wavala zoyera zokhazokha ataimirira pamwamba pa mapu a England, siketi yake yatambalala kuphimba zigawo zingapo. Palinso cha ku Hatfield House, cha m'ma 1600, pomwe chofunda chake chadzaza maso ndi makutu. Uthenga wake ndi woopsa ndithu: ndikuona, ndikumva. Nthawiyo anali ndi zaka zoposa 65, koma nkhope ya pa chithunzipo ndi ya mtsikana.

Chisomo ku Leeds: Cha pa mapucho ndinachiona ku National Portrait Gallery ku London. Ndi chachitali kuposa munthu. Ukaima pafupi, chimene chimafanana ndi maso ako ndi siketi, nkhope ili kutali m'mwamba, kaching'ono, koyera mbuu. Manja ndi ang'onoang'ono, m'chiuno mopyapyala moti munthu weniweni sangakhale choncho. Ndinachoka pamenepo ndikudziwa mikanda ndi mapindidwe onse a nsalu, koma mutandifunsa kuti mayiyo ankaoneka bwanji sindikanayankha.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo sizinangochitika mwangozi. Mu 1596 nduna zake zinalamula kuti zithunzi za mfumukazi zosaoneka bwino zifunafunidwe n'kuwonongedwa. Apa a Nangozo ndikugwirizana nanu, mwini wake ankagwira chiwongolero. Koma onaninso kuti Elizabeth yemweyo sankafuna azimayi ena azisankha okha. Chilengezo chake cha mu 1574 chinandandalika amene angavale chakuti ndi chakuti. Nsalu yagolide ndi ubweya wa kanyama kotchedwa sable zinali za akazi a maudindo atatu apamwamba kwambiri basi. Kutsika m'munsi, veleveti, satini ndi zina zinkaloledwa potengera udindo wa mwamuna wako kapena bambo wako, kapenanso ndalama zimene amapeza pachaka. Mkazi analibe mlingo wakewake. Malamulowa ankabwerezedwabwerezedwa chifukwa anthu sankawamvera, ndipo anathetsedwa mu 1604.

Kamnyamata Kovuta: Ndiye wapolisi ankayenda ndi tepi kumayeza makolala a anthu?

Telala wa pa Khonde: Usaseke, makolala amenewo anali ntchito yoswa msana. Kolala yozungulira khosi ija ndi nsalu yopyapyala yaitali mamita angapo, yopindidwa mapindo mazanamazana. Ankaiviika mu sitachi, n'kumalowetsa kachitsulo kotentha m'pindo lililonse. Mvula ikangoiwaza yagwa, muyambirenso. Wovala chinthu chotero akukuuza kuti sawerama, sasenza kanthu, ndipo kunyumba kwake kuli munthu amene ntchito yake ndi kolala yokhayo.

Mai a Mapasa: Nanga aja ovala zakuda okhaokha a ku Holland? Ndimaona ngati iwo anali odzichepetsa, anthu opemphera.

Chisomo ku Leeds: Anti, musapusitsidwe ndi kuda kumeneko. Kuti nsalu ide bii osatuwa kapena kufiirira pankafunika kuinyika kangapo, ndipo yakuda bwino inali yodula. Fufuzani chithunzi cha Oopjen Coppit chimene Rembrandt anajambula mu 1634. Chakuda, inde, koma ndi silika wonyezimira, kolala yaikulu ya lesi, ngale m'khosi ndi m'manja, mphete yolendewera pa mkanda, chokupizira cha nthenga chomangidwa ndi tcheni chagolide. Anali wa m'banja la amalonda a ku Amsterdam, osati wachifumu, koma anajambulitsa thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zimene kale zinali za mafumu ndi akuluakulu. Mwamuna wake anali Marten Soolmans, amene bambo ake anali ndi fakitale yoyenga shuga, ndipo shugayo ankachokera m'minda ya akapolo ku Brazil. Zithunzi za Oopjen ndi Marten zinagulidwa limodzi ndi France ndi Netherlands mu 2016 pa mayuro 160 miliyoni.

Aphunzitsi Opuma: Zakuda zina zinali zamaliro, koma nazonso zinkagwira ntchito. Mu 1538 Henry VIII, mfumu ya England, akufunafuna mkazi wachinayi anatuma Hans Holbein ku Brussels kukajambula Christina wa ku Denmark, mtsikana wa zaka 16 amene anali kale wamasiye wa wolamulira Milan. Anakhala pamaso pa wojambulayo maola atatu okha. Pa chithunzipo wavala zakuda kuyambira kumutu mpaka pansi, alibe mkanda, wangogwira magolovesi. Popeza palibe chonyezimira chokoka maso, umangoyang'ana nkhope ndi manja. Henry anakopeka kwambiri, koma ukwatiwo sunachitike, ndipo tikaona mmene akazi ena a Henry anathera, mtsikanayo anapulumuka.

Nangozo: Ndiwonjezere mmodzi amene anadzijambula yekha, chifukwa pamenepo palibe wonena kuti anavekedwa. Sofonisba Anguissola wa ku Cremona anadzijambula kambirimbiri m'zaka za m'ma 1550, ndipo pafupifupi nthawi zonse wavala zakuda zosakongoletsa, kakolala koyera, tsitsi lomangidwa kumbuyo, popanda ngale. Si kuti sankatha kujambula nsalu zodula: pa chithunzi cha azichemwali ake akusewera tchesi, cha mu 1555, wawaveka zagolide zopetedwa bwinobwino. Iye mwini anafuna aoneke ngati munthu wa ntchito ndi wa maphunziro, m'nthawi imene mkazi wojambula ankakayikiridwa. Mu 1559 anaitanidwa kunyumba yachifumu ku Spain.

Telala wa pa Khonde: Pa nkhani yokhulupirira chovala cha pa chithunzi, pali jekete ina yachikasu ya ubweya woyera m'mphepete imene imapezeka pa zithunzi zingapo za Vermeer, wojambula wa ku Holland, atavala akazi ooneka osiyana. Katundu wa m'nyumba mwake atalembedwa mu 1676, iye atamwalira, jekete yotero inapezeka pa mndandandawo. Zimandikumbutsa masitudiyo a kale, momwe munkapachikidwa jekete imodzi ndi tayi, mudzi wonse n'kujambulitsa ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti za Vermeer zija sizinali zithunzi za anthu akutiakuti, anali kungopanga nkhani ya m'nyumba ya anthu opeza bwino.

Mlonda wa Gulu: Zokambirana zikukoma. Chonde zithunzi muziika chimodzichimodzi, ena bandulo ndi yochepa.

Nabanda: Ine pali chimene chikundisowetsa mtendere chiyambire pamene a Chisomo anatchula shuga. Ngale zonsezi, zodzaza mikanda mpaka m'chiuno, ankazitola kuti?

Aphunzitsi Opuma: Zina zinkachokera ku nyanja za Persia ndi pakati pa India ndi Sri Lanka, monga kuyambira kale. Koma m'zaka za m'ma 1500 zambiri zinkachokera ku Cubagua ndi Margarita, zilumba za kufupi ndi Venezuela. Asipanishi ankakakamiza eni dzikolo kumira m'nyanja tsiku lonse kukatola nkhono, ndipo atatha kufa anabweretsa akapolo a ku Africa. Utoto wofiira kwambiri uja unkachokera ku Mexico, ku tizilombo touma totchedwa cochineal. Chovala chimodzi chinkasonkhanitsa thukuta la maiko atatu kapena anayi.

Chisomo ku Leeds: Ndipo nthawi zina munthu wakudayo amaikidwa pa chithunzi pomwepo. Pa cha Elena Grimaldi wa ku Genoa, chimene Van Dyck anajambula mu 1623, mayiyo wavala zakuda akuyenda monyada, kumbuyo kwake mnyamata wakuda wovala zachikasu akumugwirira ambulera yofiira. Mnyamatayo wajambulidwa wamfupi kwambiri kuti mayiyo aoneke wamtali. China chili ku London konkuno ku England: Louise de Kéroualle, chibwenzi cha mfumu Charles II, chojambulidwa ndi Pierre Mignard mu 1682. Pambali pake pali kamwana kakuda kovekedwa mkanda wa ngale wothina pakhosi, kakumupatsa chigoba chodzaza ngale ndi nthambi yofiira ya m'nyanja. Mayiyo waika dzanja paphewa la mwanayo, koma sakumuyang'ana. Dzina la mayiyo, udindo wake, mbiri yake, zonse zinalembedwa. La mwanayo palibe anasunga. Ndinaima nthawi yaitali pamenepo mtima ukuwawa, azungu akungodutsa kumayamikira buluu wa mikono ya diresi.

Mai a Mapasa: Mwana wa munthu kumusandutsa ndolo. Amake anali kuti?

Nangozo: Apa ndiye mfundo yanga ija ya kusankha yandipweteka ndekha, koma sindikuibweza. Louise anasankha mmene aonekere, ndipo chimodzi mwa zimene anasankha ndi mwana ameneyo. Kukhala ndi mphamvu pa chithunzi chako sikukupanga kukhala munthu wabwino.

Aphunzitsi Opuma: Pali wina amene ali pakati pa mbali ziwirizi, Pocahontas, mkazi wa mwa eni dziko a ku Virginia ku America. Chithunzi chake chokhacho chopangidwa iye ali moyo ndi chozokota cha Simon van de Passe cha mu 1616, pamene anapita naye ku London. Wavala chipewa chachitali, kolala ya lesi youma gwa, jekete yopetedwa, m'manja muli chokupizira cha nthenga za nthiwatiwa. Mawu ozungulira chithunzicho akumutchula Matoaka komanso Rebecca, dzina la ubatizo, ndi kunena kuti ndi mwana wa mfumu yamphamvu Powhatan. Ulendowo unalipiridwa ndi Virginia Company, imene inkafuna anthu oika ndalama m'dziko limene ankalanda. Zovalazo zinkauza a ku London kuti taonani, anthu a kumeneko amatembenuka, bweretsani ndalama. Musaiwale kuti Angerezi anayamba amugwira ngati chikole mu 1613, asanabatizidwe n'kukwatiwa ndi John Rolfe mu 1614. Anamwalira mu March 1617 ulendo wobwerera kwawo utangoyamba, ndipo anaikidwa ku Gravesend.

Telala wa pa Khonde: Ndachipeza. Khosi lachita kuuma m'kolalamo, koma maso akuyang'ana molimba mtima. Wozokotayo sanayese kumusandutsa mzungu pankhope, anangomuveka.

Aphunzitsi Opuma: Amene anakopera chithunzichi pambuyo pake ndiwo anayeretsa khungu ndi kufewetsa nkhope.

Kamnyamata Kovuta: Nanga ife a kuno tilibe wathu wa nthawi imeneyo? Ine pa foni panga pali Mfumukazi Nzinga wa ku Angola, wavala chisoti chachifumu ndi chikopa cha kambuku paphewa. Ameneyo ndiye sanavekedwe ndi munthu.

Nangozo: Achimwene pepani, chimenecho ndiye anavekedwa kuposa onse. Nzinga anamwalira mu 1663. Chithunzi mukunenacho chinapangidwa ku France m'zaka za m'ma 1830 ndi Achille Devéria, munthu amene sanamuonepo. Chisoticho ndi cha mafumu a ku Ulaya, ndipo bere lili pamtunda chifukwa ndi mmene ogula a ku Paris ankafunira kuona mkazi wa ku Africa. Chapafupi ndi nthawi yake ndi zojambula za m'buku la wansembe wa ku Italy, Cavazzi, amene anakhala kunyumba kwake zaka zake zomaliza, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1687. M'menemo ndi momwe muli nkhani ya mu 1622 ku Luanda, pomwe bwanamkubwa wachipwitikizi anakhala pampando n'kumuyalira iye pansi, Nzinga n'kuitana wantchito wake kuti agwade, iye n'kukhala pamsana pake.

Mai a Mapasa: Ndiye nayenso wantchitoyo dzina lake palibe?

Nangozo: Palibe, anti.

Kamnyamata Kovuta: Mwandiwonongera chithunzi cha pa foni. Koma sindichotsa, mpaka mundipezere china.

Mlonda wa Gulu: A Nangozo, mukapeza chojambula cha m'buku la Cavazzi chija chooneka bwino mutiponyere pano, chochepetsedwa kukula. Za Nzinga zikachuluka titsegulira mutu wake pawokha.